Msewu wodutsa padambo: chimene chimatitimiritsa dothi ndi momwe mainjiniya amachiwerengera

Aliyense amene amayenda m'misewu yodutsa m'minda ya tiyi ya m'boma la Thyolo amadziwa malo amene dalaivala amachepetsa liwiro popanda womuuza. Malowo ndi pofika pa kalavati kapena pamlatho wa m'chigwa. Mlathowo umakhala uli chilili monga anaumangira, koma msewu wa mbali zonse ziwiri umakhala utatsika, moti galimoto imadumpha pokwera ndi potsika pomwe. Chimodzimodzinso nyumba zina zomangidwa m'mphepete mwa dambo: chaka choyamba zimaoneka bwino, koma pofika chaka chachitatu khoma limakhala litang'aluka ndipo chitseko chimakana kutsekeka.

Zikatere anthu amafulumira kunena kuti kontrakitala anaba simenti. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma nthawi zambiri vuto limakhala pansi pa simentiyo, m'dothi lofewa lodzaza madzi limene limatsika pang'onopang'ono likasenzetsedwa katundu. Kutsika kumeneku kuli ndi malamulo ake, ndipo kungathe kuwerengedwa ntchito isanayambe. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera, amene amayang'anira ntchito zolipiridwa ndi ndalama za anthu, akadziwa malamulowa angathe kufunsa mafunso oyenera nthawi ikadalipo.

Dothi la kumtunda ndi la m'chigwa

Boma la Thyolo ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu oposa 720,000. Malo ambiri abwino a kumtunda ali ndi tiyi, mbewu imene yakhala ikulimidwa m'bomali kwa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, inayamba mu 1923. Kuchuluka kwa anthu ndi kuchepa kwa malo kwachititsa kuti nyumba, misika ndi sukulu zizifika m'malo otsetsereka ndi m'mphepete mwa madambo, momwe makolo ankangolimamo dimba.

Kumtunda, komwe kuli tiyi, kumapezeka dothi lofiira la katondo. Dothi limeneli linapangika pomwepo, kuchokera ku thanthwe limene linafumbutuka kwa zaka zosawerengeka. Limalowetsa madzi msanga, n'chifukwa chake tiyi amakondwa nalo, ndipo likakhala losakhuta madzi limanyamula bwino maziko a nyumba. M'chigwa ndi mosiyana. Dothi la kumeneko linachita kubwera ndi madzi, n'kusakanikirana ndi zinyalala zowola za udzu ndi bango. Ndi lakuda kapena lotuwa, lomata ngati dongo, ndipo madzi amakhala pafupi chaka chonse. Silinasenzepo katundu wolemera chiyambire. Misewu yopita kufakitale, kumsika ndi kuchipatala imayenera kudutsa dothi la mitundu iwiriyi, ndipo mavuto amayambira pamene imatsikira m'chigwa.

Zimene zimachitika pansi

Dothi si chinthu chogwirana ngati mwala. Ndi timibulu tating'onoting'ono tokhala ndi timipata pakati pake. M'dothi la m'dambo timipatato timakhala todzaza madzi, ndipo m'dongo lofewa madziwo angathe kutenga theka kapena kuposerapo la malo onse.

Munthu akadzaza madzi m'pampu ya njinga, n'kutseka pakamwa pake ndi chala, ndodo ya pampuyo siyenda ngakhale ataikankha ndi mphamvu, chifukwa madzi sapanikizika. Akatsegula pang'ono, madzi amatuluka ndipo ndodo imayamba kulowa. Kabowo kakakhala kakang'ono ndodo imalowa mochedwa, kakakhala kakakulu imalowa msanga.

Dothi la m'dambo limachita chimodzimodzi. Tsiku limene malole athira dothi lokwezera msewu, katundu yense watsopano amayamba wasenzedwa ndi madzi a m'timipata. Madziwo, pokhala opanikizidwa, amafunafuna potulukira. Akamatuluka, timibulu ta dothi timayandikana n'kuyamba kulandira katunduyo, ndipo pamwamba pamatsika. Zimapitirira mpaka katundu yense atachoka pa madzi n'kukhala pa timibulu. Kutsika kobwera ndi kufinyika kwa madzi kumeneku ndi kumene mainjiniya amakutcha consolidation.

Kumasiyana ndi kutsendera kumene makina ogudubuza amachita pomanga msewu. Makinawo amatulutsa mpweya m'dothi lothiridwa pamwamba, ndipo ntchitoyo imatha tsiku lomwelo. Madzi a m'dongo la mamita angapo pansi sangafinyidwe ndi makina ongodutsa. Amafuna katundu wokhalitsa ndi nthawi. N'chifukwa chake msewu wotsenderedwa bwino kwambiri ungathe kutsikabe.

Pali chinanso chofunika. Mphamvu ya dothi imachokera pa kugwirana kwa timibulu take. Pamene madzi ndi amene asenza katundu, timibuluto sitigwirana kwambiri. Motero dothi lofewa limakhala pangozi yaikulu masiku oyambirira litangosenzetsedwa, ndipo limalimba madzi akamatuluka. Wothira dothi lambiri nthawi imodzi angathe kuona dambo likutumphuka m'mbali, msewu n'kugumukira pansi usanathe n'komwe.

Amene anapeza malamulowa

Lamulo loyamba ndi la kayendedwe ka madzi. Mu 1856 injiniya wa ku France, Henry Darcy, amene anakonza ntchito ya madzi akumwa mumzinda wa Dijon, anafalitsa zimene anapeza podutsitsa madzi mumchenga. Anaona kuti kuchuluka kwa madzi odutsa kumadalira zinthu zitatu: kusiyana kwa msinkhu wa madzi pakati pa polowera ndi potulukira, kutalika kwa njira imene madziwo ayende, ndi mtundu wa dothi. Kusiyana kwa mitundu ya dothi n'kwakukulu zedi. Pamene mumchenga woyera madzi angayende mamita angapo patsiku, m'dongo lomata angayende masentimita ochepa chabe pachaka.

Lamulo lachiwiri linabwera ndi Karl Terzaghi, amene anabadwira ku Prague mu 1883. Akuphunzitsa ku Istanbul anayesa dongo ndi zipangizo zosavuta, ndipo mu 1925 anatulutsa buku lotchedwa Erdbaumechanik, limene linakhala chiyambi cha sayansi ya dothi la zomangamanga. Terzaghi anaonetsa kuti katundu aliyense wa pansi amagawanika pawiri, gawo la madzi ndi gawo la timibulu, ndipo kuti gawo la timibulu lokha ndi limene limalamulira kutsika ndi kulimba kwa dothi. Polumikiza mfundoyi ndi lamulo la Darcy anapeza njira yowerengera nthawi imene kutsikako kungatenge. Mu 1941 Maurice Biot anakulitsa masamuwa kuti aziwerengera madzi oyenda mbali zonse, osati chokwera ndi chotsika chokha.

Chitsanzo cha masamu

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera, koma ndi a mtundu umene umapezeka m'dongo lofewa. Msewu ukudutsa dambo, ndipo uyenera kukwezedwa ndi mamita 3 kuti madzi a mvula asamausefukire. Dothi lotsenderedwa limalemera pafupifupi matani 1.9 pa kiyubiki mita, kutanthauza kuti sikweya mita iliyonse ya dambolo isenza matani pafupifupi 6. Pansi pali dongo lofewa lokuya mamita 4, ndipo kupyola apo ndi thanthwe losadutsa madzi. Zoyesa za ku labotale zaonetsa kuti ndi katundu wotere dongolo lidzatsika ndi masentimita 23.

Funso lalikulu ndi lakuti lidzatsika liti. Popeza pansi pali thanthwe, madzi ali ndi njira imodzi yokha, yokwera kumtunda, ndipo a pansi penipeni ayenera kuyenda mamita 4 onse. Kwa dongo la m'chitsanzochi, masamu a Terzaghi amaonetsa kuti pakatha chaka chimodzi msewu udzakhala utatsika ndi masentimita 9 okha. Theka la kutsikako lidzakwana patatha chaka ndi miyezi 7, ndipo kuti kufike magawo 90 pa 100 padzapita zaka pafupifupi 7.

Pansi pa dongolo pakanakhala mchenga m'malo mwa thanthwe, madzi akanatulukira kumtunda ndi kunsi, ndipo njira yaitali kwambiri ikanakhala mamita 2. Nthawi sikanangochepa ndi theka. Ikanachepa kanayi, kuchoka pa zaka 7 kufika pa chaka ndi miyezi 8. Lamulo lake ndi lakuti njira ya madzi ikatalika kawiri, nthawi imatalika kanayi. Ikatalika katatu, nthawi imatalika kasanu ndi kanayi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza thumba la khonsolo. M'mapangano ambiri a zomangamanga, kontrakitala amakhala ndi udindo wokonza zowonongeka kwa miyezi 12 ntchito itaperekedwa. M'chitsanzochi, nthawiyo ikamatha masentimita 14 amakhala asanatsike. Mlatho, umene maziko ake afika pathanthwe, sutsika nawo. Chidikha cha pofika pamlatho chimadzaoneka bwino kontrakitala atalandira kale ndalama zake zomaliza, ndipo okonza amakhala khonsolo, ndi ndalama zimene zikanamanga chipinda chophunziriramo kwina.

Momwe chifanizo cha pakompyuta chimagwirira ntchito

Masamu a pamanja amakwanira pamene dothi lili lofanana ndipo malo ndi athyathyathya. Zigwa za ku Thyolo sizikhala choncho kawirikawiri. Dongo limakuya pakati pa chigwa n'kumapyapyala cha kumtunda, muli mizere ya mchenga imene mtsinje unasiya kale, ndipo madzi ena amachokera m'kasupe wa m'mbali mwa phiri. Pamalo otere mainjiniya amamanga chifanizo cha malowo pakompyuta, chimene amachitcha modelo.

Ntchito imayambira kumunda. Amakumba maenje ndi kuboola pansi kuti aone miyalo ya dothi ndi pamene madzi ali, n'kutenga zidutswa za dongo mosamala kuti zisasokonezeke. Ku labotale kachidutswa kozungulira, kotambalala mamilimita 75 ndi kochindikala mamilimita 20, kamaikidwa m'chipangizo chotchedwa oedometer, pakati pa timiyala tiwiri todutsa madzi. Amakasenzetsa katundu, n'kumaonjezera kawiri pakatha maola 24 aliwonse, uku akulemba momwe kakutsikira. Zotsatira zake zimauza injiniya kuti dongolo limafinyika motani ndiponso limatulutsa madzi mofulumira bwanji.

Kenaka kompyuta imagawa chithunzi cha pansi pa nthaka m'tizigawo tambirimbiri. Pa kachigawo kalikonse imawerengera katundu amene kasenza, mphamvu imene madzi akukankha nayo, madzi amene alowa kapena kutuluka, ndi kufinyika kwake. Ikamaliza tsiku limodzi imapita ku lotsatira, mpaka zaka zimene injiniya wafuna. Kafotokozedwe ka khalidwe la dongo kamene mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito kanachokera ku yunivesite ya Cambridge m'zaka za m'ma 1960, ndipo kamatchedwa Cam Clay. Pulogalamu ina yodziwika, PLAXIS, inayambira ku yunivesite ya Delft ku Netherlands, dziko limene misewu yake yambiri ili pa dothi lofewa.

Ubwino wa chifanizochi ndi wakuti injiniya angathe kuyesa njira zingapo asanaononge ndalama: kuthira dothi lonse nthawi imodzi kapena kawiri, kuyamba mu May kapena mu November, kusuntha mlatho mamita 50 cha kumtunda. Koma kompyuta imayankha molingana ndi zimene yauzidwa. Ngati anaboola malo amodzi okha n'kuphonya pamene dongo lakuya, yankho lidzakhala lolakwika ngakhale litasindikizidwa ndi zithunzi zokongola. Ngakhale akatswiri a mayiko olemera amaphonya. Bwalo la ndege la Kansai ku Japan, limene linamangidwa pachilumba chochita kuthira m'nyanja n'kutsegulidwa mu 1994, latsika ndi mamita oposa 10, ndipo dongo la pansi kwambiri linafinyika kuposa momwe anawerengera poyamba.

Pa chifukwa chimenechi, injiniya wosamala amapitiriza kuyeza ntchito ili mkati. Amakwirira timbale tachitsulo tokhala ndi ndodo pansi pa dothi lothiridwa n'kumayeza msinkhu wake sabata iliyonse. Amaikanso zipangizo zotchedwa piezometer, zoyeza mphamvu ya madzi a m'dongo. Zoyezazo zikasiyana ndi zimene kompyuta inanena, chokonzedwa ndi chifanizocho, pakuti dothi silinama.

Madamu ndi malo otsetsereka

Malamulo omwewa amagwira ntchito pa madamu a dothi, amene ndi ambiri m'maesiteti ndi m'masikimu a ulimi wothirira. Palibe khoma la dothi limene madzi salidutsa. Ntchito ya injiniya ndi kuonetsetsa kuti akudutsa pang'onopang'ono, ndipo akutulukira m'sefa ya mchenga ndi miyala kunsi kwa khomalo osatenga dothi. Madzi oyera otuluka mofanana tsiku ndi tsiku si oopsa kwenikweni. Madzi amatope, kapena ochuluka mwadzidzidzi, amasonyeza kuti mkati mwa khoma mukukumbika njira. Umu ndi momwe damu la Teton ku America linagumukira pa 5 June 1976, pamene linali kudzazidwa koyamba.

Kumtunda vuto limakhala lina. Katondo safinyika kwambiri, koma mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, madzi a pansi amakwera, amakankha timibulu ta dothi, ndipo kugwirana kwake kumachepa. Dothi limene linaima zaka zambiri pamalo otsetsereka limatsetsereka nthawi imodzi. Makolo ankati kwadutsa Napolo, monga zinachitikira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa mvula yotere m'chigawo cha kummwera, ndipo Thyolo anali limodzi mwa maboma amene analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Ku Blantyre matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Kudula phiri chimaimirire kuti papezeke pomanga nyumba, kutseka ngalande, ndi kumanga khoma lotchinga dothi lopanda mabowo otulukira madzi, zonsezi zimathandiza madzi kuunjikana pamene sakufunika.

Njira zothana ndi dothi lofewa

Ngati dothi lofewa lili losakuya, mita imodzi kapena iwiri, chapafupi ndi kulichotsa n'kuthira labwino. Likakhala lakuya, njira yotsika mtengo ndi nthawi. Dothi lokwezera msewu limathiridwa m'magawo, kupatsa dambo mpata wolimba gawo lina lisanabwere. Nthawi zina amathira loposa muyeso kuti kutsika kufulumire, n'kudzachotsa lapamwamba asanaike phula kapena konkire. Pansi pa dothi lothiridwalo amayala mchenga kuti madzi ofinyidwa apeze potulukira, ndiponso nsalu yolimba yotchedwa geotextile kuti miyala isamire m'matope.

Nthawi ikakhala yochepa, amafupikitsa njira ya madzi. Amaboola dongo motalikirana mita imodzi kapena iwiri n'kuikamo mchenga kapena timalamba tapulasitiki tokhala ndi timipata. Madzi, m'malo mokwera mamita 4, amangoyenda cham'mbali osakwana mita n'kulowa m'ngalande zoimirirazi. Malinga ndi lamulo lija la kutalika kwa njira, zaka zimasanduka miyezi. Pa nyumba zolemera ndi milatho, maziko amazikidwa pa mizati yofika pathanthwe. Njira iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo kusankha kumadalira zimene kuyesa dothi kwaonetsa.

Luso la ntchitoyi lilipo m'dziko muno. Labotale yaikulu ya boma yoyesa zipangizo zomangira ili ku Lilongwe, sukulu ya ukachenjede ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa uinjiniya wa zomangamanga, ndipo MUST, imene inatsegulidwa ku Ndata m'boma lomwe lino mu 2014, imaphunzitsa sayansi ya nthaka ndi nyengo. Nthambi yofufuza za miyala ili ku Zomba.

Gawo la makomiti ndi mafumu

Si ntchito iliyonse imene imafuna kompyuta. Kalavati wa pamsewu wa m'mudzi angafune maenje awiri kapena atatu ndi diso la injiniya wa khonsolo. Koma pa ntchito iliyonse yodutsa padambo kapena yodula phiri, komiti ili ndi ufulu wofunsa ngati dothi linayesedwa, kuya kwa maenje amene anakumbidwa, pamene madzi anapezeka, ndi mwezi umene kuyesako kunachitika, pakuti dzenje la mu October silinena za mu February. Ingafunsenso kuti msewu ukuyembekezeka kutsika ndi masentimita angati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndi amene adzakonze ikatha nthawi ya kontrakitala.

Anthu a pamalopo alinso ndi zimene injiniya sangazipeze m'labotale. Akuluakulu amadziwa pamene panali kasupe amene anakwiririka, pamene mtsinje unkadutsa kale, pamene amayi ankakumba dongo loumbira mbiya, ndi pamene madzi anafika mu 2015, mu 2019 ndi mu 2023. Akale anati madzi saiwala khwawa. Kuuza oyesa dothi zinthu zoterezi asanasankhe pokumba kumapulumutsa ndalama zambiri.

Ntchito ikatha, kuyang'anira kumapitirira. Mng'alu wa pakhoma ungathe kulembedwa chizindikiro ndi tsiku, n'kumayezedwa mwezi uliwonse. Ukamakula mocheperachepera, dothi likukhazikika. Ukamakula mofulumira, kapena mng'alu wautali ukaoneka pamwamba pa malo otsetsereka, mitengo n'kuyamba kupendekeka, kapena madzi amatope akatuluka kunsi kwa damu, anthu achoke pamalopo ndipo nkhaniyo ifike msanga kwa amfumu, ku komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo.

Pomaliza pali nkhani ya kudikira. Anthu akaona dothi lathiridwa padambo kenaka makina n'kuchoka kwa miyezi ingapo, amaganiza kuti ntchito yathawidwa. Komiti iyenera kufunsa ndi kuonetsedwa ndondomeko yolembedwa pamodzi ndi zoyeza za sabata ndi sabata. Zikapezeka, ndiye kuti miyezi imeneyo ndi gawo la ntchito, ndipo phula lidzaikidwa pamene manambala a pa timbale tija aonetsa kuti kutsika kwatsala pang'ono kutha.